Mphindi 27 za Booker Ervin

Usiku wa pa 29 Okutobala 1965, mumzinda wa West Berlin ku Germany munali chikondwerero cha nyimbo za jazi. Okonza mwambowo anaitana akatswiri oliza sakisofoni ochuluka kuposa nthaŵi imene anali nayo, motero anagamula kuti aliyense akakwera pansanja asapitirire mphindi 15. Lamuloli linali lomveka ndithu, pakuti holo ili ndi nthaŵi yake yotsekera, ndipo omvera nawonso ali ndi kwawo. Koma itafika nthaŵi ya Booker Ervin, munthu wakuda wa ku America amene anatsala ndi masiku aŵiri kuti akwanitse zaka 35, iye lamulo lija analiponda. Anayamba nyimbo imodzi yokha, ndipo pamene ankachotsa chitoliro chake pakamwa n'kuti patapita mphindi 27 ndi theka. Makina ojambulira mawu anali akuzungulira nthaŵi yonseyo. Tepi imene inagwira nyimboyo inakagona pashelefu zaka pafupifupi khumi, ndipo pamene inkatuluka pachimbale, mwini nyimbo anali atagona kale m'manda.

Chimbalecho chimatchedwa Lament for Booker Ervin, ndiko kunena kuti nyimbo yolira maliro a Booker Ervin. Si chimbale chotchuka ayi. M'mabuku ofotokoza mbiri ya jazi chimangotchulidwa modutsa, ngati chatchulidwa n'komwe, ndipo Ervin mwini wakeyo amapatsidwa mizere yoŵerengeka pamene anzake a msinkhu wake amapatsidwa mitu yathunthu. Tsono kuti munthu amvetse chimene chinamloŵa mwamunayu usiku umenewo, ayenera kuyamba wadziŵa mtundu wa nyimbo zake ndi njira imene anadzera kuti akafike pansanja ya ku Berlin.

Mawu akuti jazi si achilendo m'Malaŵi, pakuti magulu oimba ndi mabanjo, monga la Alan Namoko lotchedwa Chimvu Jazz, anatenga dzinali n'kulisandutsa lawo. Koma jazi wa m'nkhani ino ndi wa anthu akuda a ku America, amene anaphuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 m'mizinda ngati New Orleans. Chinsinsi chake chagona pa kupeka pompopompo. Oimba amagwirizana za mutu wa nyimbo ndi njira imene nyimboyo idzere. Akatha kuimba mutuwo, mmodzi amatsogola n'kuyamba kupeka zakezake pamwamba pa maziko amene anzake akumuyalira. Zimene akupekazo sizinalembedwe papepala, ndipo maŵa akaimbanso nyimbo yomweyo padzatuluka zina. N'chifukwa chake chimbale chojambulidwa pamaso pa anthu chili ndi mtengo wakewake. M'nyumba yojambulira, woimba akapunthwa amabwereza mpaka zitakoma, koma pansanja liwu likatuluka latuluka.

Sakisofoni ndi chitoliro chachitsulo chopindika ngati kaliwo, chimene anachipanga ndi Adolphe Sax wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1840. Mawu ake amachokera pa kabango kopyapyala kamene kamanjenjemera woimba akamauzira mpweya. Monga mmene kwaya ilili ndi mawu osiyanasiyana, sakisofoni nazo zilipo zazing'ono ndi zazikulu, ndipo ya Ervin inali ya tenala, imene mawu ake amayandikana kwambiri ndi liwu la mwamuna. Popeza mlomo, lilime ndi chifuwa cha munthu ndizo zimaumba liwulo, anthu aŵiri akasinthana sakisofoni imodzimodziyo siilira mofanana. Wozoloŵera jazi amazindikira woimba asanamuone, monga mayi azindikira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ena onse kusikelo.

Booker Ervin anabadwa pa 31 Okutobala 1930 m'tauni ya Denison, m'chigawo cha Texas, kufupi ndi malire a Oklahoma. Masiku amenewo kummwera kwa America kunali malamulo a tsankho: wakuda anali ndi sukulu yake, chipinda chake chodikirira sitima, ngakhalenso mpopi wake womwera madzi. Bambo ake ankaliza lipenga lotchedwa trombone, ndipo mnyamatayo anayambira pa lipenga lomwelo. Sakisofoni anaigwira atakula kale, ali msilikali m'gulu la nkhondo ya mumlengalenga, ndipo anadziphunzitsa yekha pachilumba cha Okinawa kumene anatumizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Kumeneku kunali kuchedwa. Sonny Rollins, amene anabadwa chaka chimodzi ndi iye, anali atayamba kale kujambula nyimbo ndi akuluakulu a jazi mu 1949. Ervin atavula yunifolomu anakaphunzira za nyimbo ku Boston, pasukulu imene lero imatchedwa Berklee, kenaka analoŵa gulu la Ernie Fields loimba nyimbo zovinitsa anthu, n'kumayenda nalo m'matauni. M'maholo a dansi otero woliza sakisofoni wa mawu ofooka sadyeramo nsima, pakuti ng'oma, mapazi ndi mabotolo zimammeza. Chigawo cha Texas chinali kale ndi mbiri yotulutsa oliza tenala a mawu aakulu, anthu ngati Herschel Evans, Arnett Cobb ndi Buddy Tate wa ku Sherman, tauni yoyandikana ndi Denison. Ervin anayamwa bere lomwelo.

Anafika ku New York mu 1958, atakhalapo ku Denver ndi ku Pittsburgh. Masana ankagwira ntchito wamba kuti apeze ya lendi, ndipo usiku ankapita kumalo kumene oimba amasonkhana kuti ayesane mphamvu. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anatengedwa ndi Charles Mingus, katswiri woliza besi ndiponso wopeka nyimbo, munthu wa mtima wapachala amene ankatha kuimitsa nyimbo pakati n'kudzudzula woimba wake pamaso pa anthu. Ervin anagwira naye ntchito moloŵa ndi kutuluka mpaka 1964. Liwu lake lili m'zimbale za Mingus zimene zinajambulidwa mu 1959, Blues & Roots ndi Mingus Ah Um. M'nyimbo yotsegulira chimbale chachiŵirichi muli malo pamene zida zinzake zimakhala chete, n'kutsala kuomba m'manja ndi sakisofoni ya Ervin basi, ngati mlaliki amene mpingo ukumuvomereza. Chimbale chimenechi ndi chimodzi mwa zodziŵika kwambiri m'mbiri yonse ya jazi, kotero kuti anthu miyandamiyanda anamumva Ervin. Koma munthu akawafunsa kuti woliza pamalo pajapa ndani, ambiri amangokanda m'mutu. Ulemu wonse unapita kwa mwini dzina la pachikuto.

Liwu la Ervin ndi louma ndi lakuthwa, lopanda zotsekemera. Ankakonda kukwera pa liwu lapamwamba, kuligwira nthaŵi yaitali, kenaka kulipinda pang'ono kuti litsike, monga imachitira mfuu ya munthu woitana mnzake tsidya lina la mtsinje. Ikatha mfuuyo, mawu amakhuthuka mofulumira ngati chimanga chotuluka m'thumba lobooka, koma njere iliyonse imamveka payokha. Randy Weston, woliza piyano amene anaimba naye kwambiri ndipo pambuyo pake anakakhala ku Morocco, ankanena kuti kwa iye Ervin anali pamlingo umodzi ndi John Coltrane, ndi kutinso nyimbo yake yotchedwa African Cookbook anaiumba potsata liwu la Ervin, limene linkamkumbutsa maimbidwe a kumpoto kwa Africa. Anzake ankamutchula mwachidule kuti Book, ndiye kuti buku, ndipo dzinali linabala maina a zimbale zinayi zimene anajambula ndi kampani ya Prestige pakati pa Disembala 1963 ndi Okutobala 1964: The Freedom Book, The Song Book, The Blues Book ndi The Space Book. Choyamba ndi chotsiriza anajambula ndi Jaki Byard pa piyano, Richard Davis pa besi ndi Alan Dawson pa ng'oma, ndipo odziŵa jazi amaliŵerengera gulu limeneli pakati pa magulu abwino koposa a zaka zimenezo.

Nanga munthu wa luso lotere anasoŵa bwanji malo? Chifukwa chachikulu n'chakuti anamera pansi pa mitengo iŵiri ikuluikulu. M'zaka zimenezo dziko la tenala linali m'manja mwa John Coltrane ndi Sonny Rollins, ndipo aliyense woliza chitolirochi ankayesedwa pa sikelo ya aŵiriŵa. Popeza Ervin anali ndi liwu lolimba ndipo ankaimba mwaukali, panali ena amene anathamangira kumutcha wotsanzira Coltrane. Kumeneku n'kumva kwaulesi. Coltrane amamveka ngati munthu wokumba chitsime, amene akufunafuna chinthu chimene sanachipeze, ndipo amatembenuza kachigawo kamodzi ka nyimbo mbali zonse kuti aone chili pansi pake. Ervin safunafuna. Amamveka ngati munthu amene wabwera ndi uthenga kuchokera kutali ndipo akufuna aunene wonse asanakhale pansi. Mizu yake ili ku Texas ndi kwa Dexter Gordon, mkulu wa oliza tenala a m'badwo umenewo. Kunena chilungamo, Ervin anali ndi pofookera pake. Nkhokwe yake ya mawu sinali yaikulu ngati ya Rollins, ndipo womvera zimbale zake zingapo motsatizana amayamba kuzindikira njira zimene amabwererako kaŵirikaŵiri. Moto wakenso sankaudziŵa kuuchepetsa: ngakhale m'nyimbo yachifatse amayaka chimodzimodzi. Koma ofooka motere analipo ambiri, ndipo ena mwa iwo anatchuka ndi kulemera.

Chifukwa china chinali cha m'thumba. Pofika 1964, chaka chimene gulu la Beatles linakocheza ku America, achinyamata anali atatembenukira ku nyimbo zina, ndipo malo oimbirako jazi anayamba kuchepa. Zimbale zoyamikiridwa m'magazini sizilipira lendi. Motero mu Okutobala 1964 Ervin anawoloka nyanja kupita ku Ulaya, kutsata njira imene anadzera Don Byas, Dexter Gordon ndi ena ambiri, amene anapeza kuti kumeneko woimba wakuda amapatsidwa ulemu umene kwawo ankamanidwa. Anakhazikika ku Barcelona, m'dziko la Spain, kumene ankaimba pamalo otchedwa Jamboree, n'kumayendera maiko oyandikana nawo ntchito ikapezeka. Pa 27 Okutobala 1965 anali ku Munich, m'nyumba yojambulira nyimbo, pamodzi ndi Dexter Gordon yemwe uja. Aŵiriwo anajambula nyimbo ziŵiri za mphindi pafupifupi 20 iliyonse, popanda wina wowaloza wotchi. Patangopita masiku aŵiri, Ervin anali ku Berlin, kumene anauzidwa kuti ali ndi mphindi 15.

Berlin wa masiku amenewo unali mzinda wodulidwa pakati. Khoma lolekanitsa kum'maŵa ndi kumadzulo linamangidwa mu 1961, ndipo West Berlin inali ngati chilumba pakati pa dziko la East Germany. Chikondwerero cha jazi chinayamba mu 1964 motsogozedwa ndi Joachim-Ernst Berendt, wolemba ndi woulutsa mawu amene anachita zambiri pofalitsa jazi ku Germany. Cholinga chinali chabwino, ndipo oimba ambiri anapindula nacho. Koma maganizo osonkhanitsa akatswiri a chida chimodzi usiku umodzi, n'kumawatulutsa mmodzimmodzi kuti anthu awayerekeze, ali ndi kachipongwe kobisika. Zimafanana ndi ng'ombe za pachionetsero cha zaulimi: iliyonse izungulire bwalo kamodzi, anthu aone linunda, ituluke. Ndiponso mphindi 15 za gulu la anthu anayi si mphindi 15 za mtsogoleri. Pochotsapo mutu wa nyimbo koyambirira ndi kothera, pochotsaponso gawo la piyano, la besi ndi la ng'oma, wotsogolayo amatsala ndi mphindi zoŵerengeka pa zala za dzanja limodzi. Kwa munthu wotchuka kale zimenezi si kanthu, chifukwa maŵa ali ndi holo yakeyake. Kwa Ervin, amene ankaimba m'tizipinda tapansi ta utsi wa fodya, khamu lalikulu chotere silinkabwera sabata iliyonse. Olemba za jazi amati anachita dala, posonyeza kusakondwa ndi kupanikizidwa kumeneku.

Amene anamuyalira maziko usiku umenewo anali anthu atatu osiyana kwambiri. Pa piyano panali Kenny Drew wa ku New York, amene analiza nawo m'chimbale chotchuka cha Coltrane chotchedwa Blue Train mu 1957, ndipo pa nthaŵiyi anali atakhazikika ku Copenhagen. Pa besi panali mnyamata wa ku Denmark wa zaka 19 zokha, Niels-Henning Ørsted Pedersen, amene anali atazoloŵera kale kuperekeza alendo a ku America pamalo otchedwa Montmartre mumzinda womwewo wa Copenhagen. Pa ng'oma panali Alan Dawson wa ku Boston, mphunzitsi wa ng'oma amene anasula Tony Williams, ndipo yekhayu ndiye ankamdziŵa Ervin kunja ndi mkati, pokhala anali naye m'zimbale zinayi zija ndiponso ku Munich dzana lake.

Nyimbo imene anaimba ikutchedwa Blues for You. Blues ndi mtundu wa nyimbo wakale kwambiri pakati pa anthu akuda a ku America, ndipo kamangidwe kake n'kosavuta: timagawo 12 totsatizana m'njira yodziŵika, ndipo tikatha, mkombero umayambiranso pachiyambi. Mwana wophunzira gitala amatha kuugwira tsiku limodzi. Kuvuta kwake kwagona pomwepo. Pamene njira ili yaifupi ndipo aliyense akuidziŵa, woimba alibe pobisala. Akazungulira kasanu kapena kakhumi, zimene analoŵeza kunyumba zimatha, ndipo omvera amadziŵa msanga ngati munthuyo watsala ndi chonena kapena akungotafuna mawu. Ervin anazungulira mkomberowo kwa nthaŵi yoyandikira theka la ola, ndipo pafupifupi nthaŵi yonseyo wolankhula anali iye.

Chodabwitsa choyamba kwa womvera ndi mpweya. Kuliza tenala mwamphamvu ndi ntchito ya thupi lonse. Milomo imatopa, mimba imalimba, ndipo kabango kamafeŵa ndi malovu. Komabe liwu la Ervin chakumapeto kwa nyimboyi silisiyana ndi la koyambirira. Chodabwitsa chachiŵiri, chimene chimaoneka munthu akamvera kachiŵiri ndi kachitatu, ndi mmene amasamalira chuma chake. Amatenga kachidutswa ka mawu atatu kapena anayi n'kukabwereza mpaka womvera atayamba kukayembekezera, kenaka amakasuntha pang'ono kuti kagwe pamene ng'oma sinali kukadikira. Akaona kuti katha ntchito amakataya, n'kuthamanga chothamanga kuchokera pansi pa chitoliro mpaka pamwamba, ndipo pamwambapo amaima ndi mfuu yake ija. Njira zimene amabwererako kaŵirikaŵiri, zimene m'zimbale zina zimaoneka ngati umphaŵi, pano zimagwira ntchito ya mizati. Zikamabwera, womvera amadziŵa pamene ali, monga wapaulendo wautali amazindikira phiri limene analiona m'maŵa, ngakhale tsopano akuliona chakumbali ina.

Pali nthaŵi zingapo pamene nyimboyo imaoneka ngati yafika pothera. Khutu lozoloŵera limayembekeza kuti tsopano woimba atsika, apereke mpata kwa wa piyano. M'malo mwake Ervin amakoka mpweya n'kuloŵa mkombero wina. Apa m'pamene chimbale chojambulidwa pamaso pa anthu chimaposa cha m'nyumba yojambulira, pakuti womvera akudziŵa kuti wotchi ikuyenda, kuti kuseri kwa nsanja kuli anthu amene akuyang'ana pamkono, ndi kuti woimbayo nayenso akudziŵa zimenezo. Mkombero uliwonse wopitirira mphindi ya 15 uli ndi mtengo wake. Phokoso la khamu likamakwera kumbuyo kwa nyimbo, limasanduka chida chachisanu. Ndipo pansi pa zonsezi pali anthu atatu aja. Drew amaponya mawu a piyano apa ndi apo ngati wovomereza nkhani. Dawson amasinthasintha kamenyedwe kuti moto usazirale. Koma wofunika kumuganizira kwambiri ndi mnyamata wa besi. Iye ayenera kukoka nsambo zonenepa ndi zala zake pa kugunda kulikonse, osapuma, osachedwa, osafulumira, pamene sakudziŵa kuti ulendowu uthera pati. Dzina lake silili pamutu wa chimbale, koma popanda zala zimenezo denga likanagwa pa mphindi ya khumi.

Tsono kodi Ervin anachita bwino? Funsoli siliyenera kuthaŵidwa, ngakhale okonda nyimboyi amakonda kulilumpha. Mphindi 12 zimene anaonjezera sizinagwe kumwamba. Zinachotsedwa kwa wina: kwa woimba mnzake amene ankadikira kuseri ndi chitoliro chake m'manja, amene mwina nayenso anayenda ulendo wautali ndipo nayenso anali ndi lendi yoti alipire, kapena kwa okonza mwambo amene anamuitana mwaulemu. Pamsonkhano uliwonse pamakhala munthu amene akapatsidwa mpata woti anene mawu aŵiri amalankhula mpaka dzuŵa kupendeka, ndipo munthu wotere sakondedwa, pakuti amaganiza kuti nthaŵi ya anzake ndi yake. Wina atati Ervin anachita mwano, sanganamizidwe kuti wanama. Ndiponso kutalika pakokha si luso. Jazi wa zaka zimenezo anabala oimba ambiri amene ankaliza theka la ola popanda chonena, poganiza kuti thukuta ndi nzeru.

Komabe mlandu wa Ervin uli ndi mbali ina. Wolankhula motalika pamsonkhano amatopetsa chifukwa mawu ake amatha iye asanakhale pansi. Umboni wa tepi ukusonyeza kuti mawu a Ervin sanathe. Akuluakulu anati mbeŵa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mwamunayu anali atakhala kuuna zaka zokwanira. Anali atatumikira m'magulu a ena mokhulupirika, kuimirira pamene wauzidwa ndi kukhala pansi pamene wauzidwa. Anali atajambula zimbale zabwino zimene sizinamsinthire moyo. Akanasunga lamulo usiku umenewo, akanaimba bwino mphindi zake zoŵerengeka, anthu akanaomba m'manja mwaulemu, ndipo palibe kampani imene ikanavutika kufukula tepiyo patapita zaka khumi. Mwano unalipo, ndipo amene anadikira kuseri anali ndi chifukwa chokwiyira. Koma chimene chinatsala ndi umboni wosoŵa wa mmene munthuyu ankamvekera akamasulidwa chingwe pamaso pa khamu, ndipo n'kovuta kulakalaka kuti chikanakhala chachifupi.

Mbiri ya jazi ili ndi nkhani ina yofanana ndi imeneyi, imene mathero ake anali osiyana. Pa 7 Julaye 1956, pachikondwerero cha ku Newport ku America, Paul Gonsalves, woliza tenala m'gulu la Duke Ellington, anazungulira mkombero wa blues maulendo 27. Khamu linaimirira, anthu anayamba kuvina, ndipo gulu la Ellington, limene linali litayamba kuiŵalika, linatsitsimuka usiku womwewo. Kampani yaikulu ya Columbia inatulutsa chimbale chaka chomwecho, ndipo chinagulidwa kwambiri. Mikombero 27 ya Gonsalves inatenga mphindi 6 kapena 7 zokha. Kusiyana kwake n'kwakuti Gonsalves anali ndi mfumu kumbuyo kwake, imene inkamulimbikitsa kuti apitirize, ndiponso kampani yokhala ndi ndalama zolengezera. Ervin analibe Ellington. Chimene kwa wina chinatchedwa chozizwitsa, kwa iye chinali kuswa pologalamu, ndipo m'maŵa mwake dziko linapitiriza ulendo wake ngati palibe chachitika.

Anabwerera ku America mu 1966. Chaka chomwecho anaimba ndi Randy Weston pachikondwerero cha ku Monterey, ndipo m'zaka zotsatira anajambula zimbale zina ndi makampani a Pacific Jazz ndi Blue Note. Nyimbo zimene anajambula ndi Blue Note chapakati pa 1968 nazonso zinatsekeredwa m'nkhokwe mpaka 1976. Anamwalira ku New York pa 31 Ogasiti 1970 ndi matenda a impso, ali ndi zaka 39. Oimba jazi a m'badwo umenewo ambiri sanaone imvi: Coltrane anapita mu 1967 ali ndi zaka 40, ndipo Eric Dolphy, mnzake wa Ervin m'gulu la Mingus, anamwalirira mu Berlin momwemo mu 1964 ali ndi zaka 36. Koma aŵiriŵa imfa inawakuza maina. Ervin inangomuchotsa pamndandanda.

Amene anafukula tepi ija ndi kampani yaing'ono ya ku Munich yotchedwa Enja, imene inakhazikitsidwa mu 1971 ndi Matthias Winckelmann ndi Horst Weber. Popeza nyimbo imodzi sinkakwana kudzaza chimbale, anaonjezerapo ina yaifupi, imene inajambulidwa mu 1975 ndi Horace Parlan. Sakanasankha munthu wina woyenera kuposa ameneyu. Parlan anali wa ku Pittsburgh, mzinda umene Ervin anakhalamo asanapite ku New York. Anali limodzi m'gulu la Mingus, ndipo ankathandizana m'zimbale zawo. Ali mwana anadwala poliyo, imene inapundula zala zina za dzanja lake lamanja, motero anadzipangira njira yakeyake yolizira piyano, yodalira kwambiri dzanja lamanzere. Pofika 1975 nayenso anali atasamukira ku Denmark.

Nyimbo ya Parlan ikutchedwa Lament for Booker, ndipo ndiyo inapereka dzina ku chimbale chonse. Dzinalo limasocheretsa pang'ono, pakuti wogula poyembekeza nyimbo za maliro amayamba wakumana ndi munthu wamoyo kwambiri, wotuluka thukuta, wokana kutsika pansanja. Maliro amabwera pambuyo pake. Phokoso la khamu la ku Berlin likazirala, pamamveka piyano yokha, yopanda besi, yopanda ng'oma, ikuyenda pang'onopang'ono. Parlan salira mokweza. Dzanja lamanzere limayala mawu olemera, ndipo zala zotsala za kumanja zimatola kanyimbo kochepa pamwamba pake, n'kumaima apa ndi apo, pamalo pamene masiku akale sakisofoni ikanayankha.